Kalumo ka mlendo: mbiri ya aphunzitsi odzipereka a Chingerezi

Tsiku limene bungwe la MANEB latulutsa zotsatira za mayeso a Folomu 4, ukamayenda m'tinjira ta ku Kawale, Biwi kapena Area 23 umadziwa nyumba imene mwalowa chimwemwe usanafunse munthu. Uku nthungululu, uku mwana wathiridwa ufa kumutu, uku mayi akuvina chitenje chili m'manja. Koma nyumba zina zimangoti zii, chitseko chotseka dzuwa lili paliwombo. Mwa nyumba zoterezi, imene imandimvetsa chisoni koposa ndi ya mwana amene wakhoza masamu, wakhoza bayoloje, wakhoza zaulimi, koma wagwa Chingerezi. Lamulo la mayesowa silinyengerera. Satifiketi ya MSCE imaperekedwa kwa amene wakhoza maphunziro osachepera asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala m'gulu limenelo. Ana a sukulu amangoti Chingerezi ndi kiyi. Ukachiphonya, ndalama za fizi, za yunifolomu ndi za makandulo a zaka zinayi zalowa m'madzi.

Kiyi ameneyu adachita kubwera. Kwa zaka pafupifupi 150 tsopano pakhala anthu osiya kwawo, ena kuwoloka nyanja zamchere, kudzamupereka m'manja mwa ana athu popanda malipiro oti munthu n'kulemera nawo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Akuluakulu omwewo adatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri zaoneka m'mbiri ya aphunzitsi odziperekawa, ndipo mwana wa m'malokeshoni a Lilongwe walawako mbali zonse ziwiri, ngakhale kuti mlendoyo kawirikawiri amangomudutsa pa galimoto.

Tikamva za mphunzitsi wodzipereka wochokera kunja, ambiri timaganiza za mzungu wachinyamata, chikwama kumsana. Oyamba sadali azungu. M'chaka cha 1876, patangotha chaka mishoni ya Livingstonia itakhazikitsidwa ku Cape Maclear, Dr James Stewart adafunsa ophunzira a pasukulu ya Lovedale ku South Africa ngati alipo amene angadzipereke kupita kunyanja ya Nyasa. Adasankhidwa amuna anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Mngunana ndiye adapatsidwa ntchito yophunzitsa ana pa kasukulu ka ku Cape Maclear, ndipo adamwalira komweko mu 1877 atangogwira ntchito miyezi yowerengeka. Koyi adakhalitsa. Popeza chilankhulo cha kwawo chimamvana ndi Chingoni, iye ndiye adalambula njira yoti amishoni alankhulane ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa, ndipo adamwalira ku Njuyu mu 1886.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya mayi wina wakuda wa ku America, Emma DeLany. Kwawo kudali ku Florida, adaphunzira pa Spelman ku Atlanta, ndipo mu 1902 adafika ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu kudzathandiza M'busa John Chilembwe pa Providence Industrial Mission. Ana amawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, amayi kusoka. Mwa ana ake a sukulu mudali mnyamata wochangamuka, Daniel Sharpe Malekebu, amene amathandizanso ntchito zapakhomo pa mayiyo. DeLany sadakhale zaka zambiri. Koma atabwerera kwawo, mnyamatayo adamulondola, wapansi mpaka kudoko, kenako pa sitima yapamadzi, ndipo ku America mayiyo adamulandira n'kumuthandiza kupeza sukulu. Mu 1917 Malekebu adamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, zaka 20 Hastings Kamuzu Banda asanamalize pasukulu yomweyo. Sadalowerere. Mu 1926 adabwerera ku Mbombwe n'kutsegulanso mishoni imene atsamunda adaitseka pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe ya 1915.

Chimene DeLany adachita sichidathere m'kalasi. Adaona mwana, adamukhulupirira, ndipo udindo wake pa mwanayo sudathe tsiku limene adamanga katundu. Muyeso wanga wa mphunzitsi aliyense wodzipereka ndi womwewu mpaka lero.

Nafenso tidatumizako athu. David Kaunda, amene adaphunzira ku Livingstonia, adachoka kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kukaphunzitsa ndi kulalikira ku Chinsali pakati pa Abemba. Mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, ndiye adadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Chingerezi chidachedwa kufika pakati pano

Dera la Lilongwe lidayenda njira ina. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa adakhazikika ku Mvera mu 1889, kenako ku Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zawo za m'midzi zidachuluka zedi m'chigawo chapakati. Koma iwo adalimbikira kuphunzitsa m'Chinyanja: kuwerenga Baibulo, kulemba, ulimi ndi ntchito zamanja. Chingerezi amachipereka mochepa komanso mochedwa. Sindinganene kuti zonse zidali zoipa, chifukwa m'nthaka yomweyo mudamera Buku Lopatulika la 1922 ndi alembi ngati Samuel Josia Ntara. Chichewa chimene ndikulembamochi chili ndi ngongole kwa anthu amenewo. Koma ntchito za ukalaliki m'maboma, za utanthauzi m'makhoti ndi za ukapitawo m'migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni zimapita kwa odziwa Chingerezi, ndipo ambiri mwa iwo adali ochokera ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Mwana wa kwa Tsabango kapena kwa Malili adayamba mpikisano anzake ali kale patsogolo.

Sekondale nazo zidabwera mochedwa m'dziko lonse. Ya Blantyre idatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Pamene ufulu wodzilamulira umayandikira, dziko lidali ndi njala ya anthu ophunzira, sukulu zatsopano zikumangidwa mofulumira, koma Amalawi okhala ndi digiri oti aphunzitsemo adali owerengeka.

Mpata umenewu ndiwo adadzalowamo achinyamata a kunja. Ku Britain, Alec ndi Mora Dickson adayambitsa bungwe la VSO mu 1958. Ku America, Pulezidenti John F. Kennedy adakhazikitsa Peace Corps mu 1961, ndipo gulu loyamba lidafika kuno mu Januwale 1963, dziko likadali Nyasaland. Posakhalitsa chiwerengero chawo chidafika m'mahandiredi, ambiri ali m'makalasi a sekondale. A ku Japan adayamba kubwera mu 1971, makamaka pa masamu, sayansi ndi ntchito zaluso, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene alandira odzipereka ambiri ochokera kumeneko. Mukafunsa agogo amene adalowa Folomu 1 m'zaka za m'ma 1960, ambiri akuuzani kuti Chingerezi chawo adachisula ndi mnyamata kapena mtsikana wa ku America wongomaliza kumene koleji, wosiyana nawo zaka zisanu zokha.

Adali alendo a mtundu wachilendo. Mzungu amene anthu adamuzolowera amakhala m'nyumba yaikulu ya mpanda, khukhi ndi mlonda ali pomwepo, ndipo munthu wakuda amalowera kuseri. Awa amakwera njinga yakapalasa, amadya nsima ndi manja, amayesa kulankhula Chinyanja ana n'kumaseka katchulidwe kawo. Mmodzi wa iwo, Jack Allison, amene amagwira ntchito zaumoyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adafika popeka nyimbo ya Chichewa yotchedwa Ufa wa Mtedza, yolimbikitsa amayi kutsira ufa wa mtedza m'phala la ana, ndipo idatchuka kwambiri pa wayilesi.

Wodziwika kuposa onse ndi Paul Theroux, amene adadzakhala mlembi wotchuka padziko lonse. Adafika mu 1963 ali ndi zaka 22, n'kumaphunzitsa Chingerezi pa Soche Hill kufupi ndi Limbe. Adasiya nyumba ya aphunzitsi n'kukakhala pakati pa anthu ku Kanjedza. Kenako kudabwera mpungwepungwe wa nduna wa mu Sepitembala 1964. David Rubadiri, mlakatuli amene adali kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, adasemphana ndi Kamuzu n'kutula pansi udindo. Theroux adathandiza kutulutsa mayi a Rubadiri m'dziko muno kupita nawo ku Uganda, dzina lake lidakodwa m'nkhani za otsutsa boma, ndipo mu 1965 adathamangitsidwa m'dziko, n'kuchotsedwanso mu Peace Corps. Buku lake la Jungle Lovers, lonena za Malawi, lidakhala loletsedwa kuno kwa zaka zambiri.

Kamuzu ndi Chingerezi chake

Ubale wa Kamuzu ndi alendowa udali wovuta kuumvetsa. Palibe mtsogoleri amene adakonda Chingerezi ngati iye. Pamisonkhano amalankhula Chingerezi chokhachokha, a John Msonthi ndipo pambuyo pake a John Tembo akumasulira. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa 1968, umene udachitikira mu Lilongwe momwe muno, ndiwo udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti Chichewa ndi Chingerezi zikhale zilankhulo zoyendetsera dziko. Koma Kamuzu yemweyo sadakondwe ndi khalidwe la achinyamata a kunjawa: tsitsi lalitali, masiketi aafupi, kuzolowerana ndi ana a sukulu, kufunsa mafunso a ndale. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi mathalauza ndi zovala zosafika m'mawondo, lidabadwa mu mphepo yomweyo. Ntchito ya Peace Corps idaimitsidwa kwa zaka zingapo, n'kudzayambiranso mu 1978.

Mu 1981 Kamuzu adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Ana okhoza bwino amasankhidwa m'boma lililonse, amaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, ndipo aphunzitsi adali azungu olembedwa ntchito kuchokera kunja. Mmalawi samaloledwa kugwira choko pamenepo. Sukuluyi yatulutsa madokotala, maloya ndi akatswiri ambiri, ndipo zimenezo palibe angatsutse. Koma idaphunzitsanso dziko lonse phunziro lina losalembedwa pa bolodi, lakuti Chingerezi chenicheni chimatuluka m'kamwa mwa mzungu basi. Bala limeneli silidapole. Mpaka lero sukulu yolipira ikakhala ndi mzungu mmodzi, ngakhale asadaphunzirepo zauphunzitsi, makolo ena amaona ngati fizi yawo yagwira ntchito, pamene mayi wa digiri yake wa ku Domasi kapena ku Chancellor College amene wakhala akukhozetsa ana zaka 15 palibe amamutchula.

Nthawi yonseyi Lilongwe amakula. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 m'kamzinda aka ka fodya ndi masitolo a Amwenye. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ngongole yoyambira idachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu lidasamuka ku Zomba. Pofika 1977 anthu adali pafupifupi 100,000. Kalembera wa 2018 adapeza pafupifupi miliyoni imodzi. Akuluakulu a boma ndi akazembe adapatsidwa malo awo ku Area 10 ndi Area 43. Amesenjala, madalaivala, alonda, amisiri omanga ndi makalaliki ang'onoang'ono adapatsidwa mapuloti oti adzimangire okha ku Area 23 ndi Area 25, moonjezera pa malo akale ngati Biwi ndi Mchesi. Amene sadapeze puloti adakhala pamene apeza malo: Chinsapo adafutukuka m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, Mgona adamera pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo kumene anthu amakasaka ganyu m'nyengo ya fodya.

Anthu amenewa adabwera ndi ana, ndipo anawo amafuna sukulu. Apa ndiye pali chinthu chimene sichinenedwa kawirikawiri. Mabungwe a odzipereka ali ndi maofesi awo mu Lilongwe, alendo amatsikira pabwalo la ndege la Kamuzu, koma ambiri amatumizidwa kumidzi, poganiza kuti m'tauni zinthu zili bwino. Inde, kumudzi kuli mavuto aakulu. Koma amene adalowapo m'kalasi ya Sitandade 3 ku Chinsapo, ana oposa 100 atakhala pansi mwendo pa mwendo, buku limodzi akulimbirana asanu, sanganene kuti mwana wa m'tauni ali pabwino. Iye ali pafupi ndi Capital Hill pa mtunda wokha.

Ndale nazo zidaonjezera mavuto. Mu 1989 Kamuzu adalamula kuti mphunzitsi aliyense akaphunzitse m'chigawo cha kwawo, ponena kuti aphunzitsi a kumpoto amaphunzitsa mwamphwayi ana a zigawo zina. Sukulu za chigawo chapakati zidataya aphunzitsi ambiri odziwa ntchito m'kanthawi kochepa, ndipo amene adalipira mtengo wake ndi ana. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi kupulayimale. Chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchito, n'kuwapatsa maphunziro a masabata ochepa asanalowe m'kalasi. Chidali chinthu chabwino kuti mwana wa mlonda alowe sukulu. Koma mphunzitsi amene iye mwini Chingerezi chimamuvuta adapatsidwa ana odzaza kalasi kuti awaphunzitse Chingerezi chomwecho. Mu 1998 malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education adasandutsidwa sekondale zoyendera, ma CDSS, ambiri opanda laibulale, ophunzitsa ake ambiri atatengedwa kupulayimale. M'sukulu zimenezi ndimo a Peace Corps a masiku ano akhala akutumizidwa kukaphunzitsa, ndipo nawonso ambiri ndi a kumidzi.

Odzipereka a pakhonde

Ndiye mwana wa ku Mgona kapena ku Area 25 amene adatulukira, Chingerezi adachitola kuti? Mukawafunsa amene lero ali m'maofesi, mayankho awo amafanana modabwitsa. Wina adzatchula mphunzitsi wopuma ntchito amene amasonkhanitsa ana a Sitandade 8 pakhonde pake madzulo, bolodi lake chidutswa cha pulayiwudi chopaka makala. Wina adzatchula mkulu wake wa mnzake, wodikira zotsatira za Folomu 4, amene amawalembetsa chimangirizo Loweruka lililonse n'kuchonga ndi bolopeni yofiira. Wina adzatchula mlongo wa kutchalitchi amene amabwera patchuthi kuchokera ku yunivesite ndi mapepala a mayeso akale. Ena adakulira pa timabuku ta Pacesetters, tongoyenda m'manja mpaka chikuto kuthothoka, kapena pa nyuzi yakale imene mayi adakulungiramo usipa kumsika. Ena amayenda wapansi kuchoka ku Kawale mpaka ku laibulale ya National Library Service ku City Centre, m'mimba mulibe kanthu, n'kukakhala tsiku lonse. Ena amatchera khutu pa wayilesi ya bambo awo kumvera BBC, mawu akubwera ndi kupita ngati mafunde.

Anthu a pakhondewa palibe bungwe limene lidawatumiza. Palibe adawalandira pabwalo la ndege, palibe adalemba buku lonena za iwo. Komatu ngati tikuwerenga aphunzitsi odzipereka a Chingerezi m'malokeshoni a Lilongwe, ochuluka ndi amenewa.

Sizonse zimene tidachita tokha zidali zabwino. M'sukulu zambiri mudali lamulo loti wolankhula Chichewa alembedwe dzina, alipire chindapusa kapena akalime. Cholinga chidali choti ana azolowere, koma ana ambiri adangophunzira kukhala chete. Mwana woopa kusekedwa akaphonya verebu satsegula pakamwa, ndipo chilankhulo sichilowa mwa munthu wotseka pakamwa. Apa alendo ena adatiposa, ndipo tiyenera kuvomereza. Popeza iwo eni amaphonya Chichewa poyera tsiku lililonse n'kumaseka nawo, ana amaona kuti kulakwitsa si mlandu. Adabweretsa masewero, mitsutso, makalabu owerenga ndi timanyuzi ta pasukulu. A Peace Corps adayambitsanso Camp Sky, msonkhano wa patchuthi wosonkhanitsa ana okhoza bwino a m'ma CDSS kuti akonzekere mayeso a MSCE ndi kumva za ntchito zimene angadzagwire.

Mwana wakhama sasowa nzeru. Chimene amasowa ndi munthu womuuza zimene ana a anthu olemera amazimva patebulo akudya: kuti fomu ya yunivesite imalembedwa chotani, kuti maphunziro ati amafunika pa unamwino, kuti kalata yopempha thandizo la fizi imayamba bwanji, kuti kuli mwayi wakutiwakuti ndipo tsiku lotseka ndi lakuti. Legson Kayira adachoka kumpoto wapansi mu 1958 kufunafuna sukulu ku America, ndipo dzina la koleji imene idamulandira, Skagit Valley, adalipeza m'buku la m'laibulale ku Kampala. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha fizi m'nthawi ya njala ya 2002, adapeza buku la Using Energy m'kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale. Chingerezi chake chidali chochepa, moti amadalira zithunzi ndi kufunsa tanthauzo la mawu, koma adapanga makina amphepo opangira magetsi. Mabukuwo adachokera kunja. Koma amene adapita kukaona makinawo n'kuitana atolankhani adali Mmalawi, Dr Hartford Mchazime. Abwenzi a kunja adabwera pambuyo, Kamkwamba atalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo adamuthandiza kubwerera kusukulu mu Lilongwe, kenako ku Johannesburg, mpaka adamaliza pa Dartmouth College mu 2014. Unyolo wake udali wotero: buku la mlendo, diso la mwinimudzi, kenako dzanja la mlendo limene silidamutaye panjira.

M'zaka zaposachedwa kwabwera mlendo wa mtundu wina, wa masabata awiri kapena atatu. Amalipira kampani kwawo, amafika, amaimbitsa ana nyimbo za alifabeti, amajambula zithunzi zoika pa Facebook, n'kupita kunyanja asanakwere ndege. Ambiri ndi a mtima wabwino ndithu, ndipo sindikuwanyoza. Koma mphunzitsi wa kalasiyo amaimitsa silabasi kuti apereke mpata, ana amazolowera nkhope imene mawa kulibe, ndipo gulu lotsatira likafika limayambanso pa A, B, C pomwe paja. Kusiyana kwake ndi wodzipereka wa zaka ziwiri n'kwakukulu. Wa zaka ziwiri amayamba wakhala m'banja la kumudzi miyezi ingapo kuphunzira chilankhulo, amaona mwana kuchoka Folomu 3 kufika pa mayeso, amapita kumaliro, amadziwa chifukwa chimene mtsikana wina wajomba sabata yathunthu.

Theroux mwini wake adadzakayika za ntchito yonseyi. Atabweranso patapita zaka zoposa 30, ulendo umene adaulemba m'buku la Dark Star Safari la 2002, adapeza sukulu yake yakale itafooka. Mu 2005 adalemba mu nyuzi ya New York Times kudandaula kuti iwo adabwera poganiza kuti akugwirizira malo kwa kanthawi mpaka Amalawi ataphunzira, koma patapita zaka 40 dziko likudalirabe alendo pamene Amalawi ophunzira akupita kunja. Mawu ake ena ndi owawa mopitirira, ndipo sapereka ulemu wokwanira kwa aphunzitsi athu amene adatsala n'kumagwira ntchito pa malipiro osafika kumapeto kwa mwezi. Koma pa mfundo yaikulu sadaname. Lero vuto lathu si la 1963. Ku Area 25 kuli Lilongwe Teachers' Training College, ndipo makoleji ngati ameneyu amatulutsa aphunzitsi chaka ndi chaka. Ambiri mwa iwo akhala akudikira zaka kuti boma liwalembe ntchito, ena akugulitsa kaunjika, ena akupalasa kabaza, pamene kalasi ili pafupi ndi nyumba yawo ili ndi ana 120 pa mphunzitsi mmodzi. Dzenje limeneli mlendo sangalikwirire.

Ngakhale malamulo a chilankhulo takhala tikuwatembenuza ngati chofunda. Mu 1996 boma lidati ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Mu 2014, potsatira lamulo la maphunziro la 2013, lidalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. M'kalasi zenizeni mphunzitsi amafotokozabe m'Chichewa, chifukwa akapanda kutero ana angomuyang'ana. Ndipo akuchita bwino. Mwana amene wadziwa kuwerenga bwino m'chilankhulo chimene amalota nacho savutika kuwoloka kupita ku Chingerezi. Wodzipereka wosadziwa Chichewa amathandiza kwambiri kusekondale, kumene ana ali kale ndi maziko, kusiyana ndi kwa tiana ta Sitandade 1.

Mu Malichi 2020, matenda a Covid-19 atafalikira, Peace Corps idabweza anthu ake onse padziko lapansi m'masiku ochepa. Pa 23 mwezi womwewo sukulu zonse m'Malawi zidatsekedwa. Alendo adapita, ndipo palibe angawadzudzule, kwawo kudali makolo awo akuda nkhawa. Amene adatsala ndi ana a Sitandade 8 ndi Folomu 4 m'miyezi imeneyo adali omwe aja a pakhonde. N'zolimbikitsa kuti tsopano kuli mabungwe ngati CorpsAfrica, amene amatumiza achinyamata a Chimalawi omaliza makoleji kukadzipereka m'midzi ya dziko lawo lomwe. Koyi ndi Mngunana akadaimva nkhani imeneyi akadaizindikira.

Mlendo wofuna kubwera abwere, khomo n'lotsegula. Koma abwere kudzakhalitsa, aphunzire kupereka moni ndi kupepesa maliro m'Chichewa, aphunzitse limodzi ndi mphunzitsi wathu osati m'malo mwake, ndipo apemphe kuti nayenso Chinsapo ndi Mgona aziwerengedwa pogawa malo. Boma lilembe ntchito aphunzitsi amene lidawaphunzitsa ndi misonkho yathu.

Mawu anga otsiriza akupita kwa inu amene mudakulira ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23, ndipo lero mumalemba malipoti m'Chingerezi ku Capital Hill kapena m'mabanki a ku City Centre. Simufunika pasipoti kapena tikiti ya ndege. Sukulu imene mudaphunzira ikadali pomwe paja, ulendo wa minibasi imodzi. Kaonaneni ndi ahedi, muwapemphe ana asanu akhama a Folomu 3, mutenge mabuku amene ana anu adamaliza kuwerenga ndi bolopeni yofiira, ndipo Loweruka lililonse m'mawa mukhale nawo maola awiri mpaka adzalembe mayeso.